Chipolopolo ya 2012 ndi kupambana zinthu zikathina: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa okhudza Chipolopolo, timu ya mpira ya dziko la Zambia, ndawamva m'minibasi zochoka pa Kulima Tower madzulo, pometetsa tsitsi ku Chilenje, ndiponso pamabenchi a m'mabwalo a mpira a Sunset ndi Nkoloma nthawi yopumulira. Ambiri amene amafunsa ndi achinyamata omwe anali ana aang'ono mu 2012, koma aliponso akuluakulu omwe anakula akumvera Dennis Liwewe pa wailesi, ndipo iwowa safunsa kuti aphunzire ayi, amafunsa kuti tikangane bwino. Ndayamba ndi mafunso osavuta, ovuta ali kutsogoloko.

Mukamati masewero othina mukutanthauza chiyani?

Ndi masewero amene amatha matimu atangosiyana ndi chigoli chimodzi, monga 1-0 kapena 2-1, kapena amene afanana mphamvu mpaka mapenate n'kudzaweruza. Mpira ndi masewero a zigoli zochepa. Choncho kuterereka kumodzi kwa wotchinga kumbuyo, kona imodzi yomwe anthu anagona, kapena mluzu umodzi wa oyimbira zimatha kugamula ntchito ya mphindi 90. Matimu akamafika m'ndime zakumapeto za chikho, masewero ambiri amakhala otere, chifukwa ofooka amakhala atabwerera kale kwawo.

N'chifukwa chiyani mumangobwerera ku timu ya 2012?

Chifukwa ndi yokhayo yomwe inatibweretsera chikho cha Africa, ndipo inachitenga podutsa pakhomo lopapatiza pafupifupi tsiku lililonse. Taonani mmene zinayendera ku Equatorial Guinea ndi ku Gabon. Tinagonjetsa Senegal 2-1, tinafanana ndi Libya 2-2 pabwalo lodzaza madzi a mvula ku Bata, tinagonjetsa eni mudzi Equatorial Guinea 1-0, tinakwapula Sudan 3-0, tinagonjetsa Ghana 1-0, kenaka pa 12 February ku Libreville tinalepherana ndi Ivory Coast 0-0 mpaka kupambana 8-7 pa mapenate.

Mwa masewero 6 amenewa, amodzi okha, a Sudan aja, ndi omwe munthu ankatha kuonera atakhala pansi mtima uli m'malo. Tinagoletsa zigoli 9, tinamwetsedwa 3, ndipo m'masewero anayi otsiriza palibe anagwedeza ukonde wathu. Nambala yomalizayi muisunge, ibweranso m'mayankho ena.

Kodi timuyi inkasewera bwanji kwenikweni?

Pa pepala zinali zosavuta: anayi kumbuyo, anayi pakati, awiri kutsogolo. Tsiku la ndime yotsiriza pagolo panali Kennedy Mweene. Kumbuyo Davies Nkausu, Stoppila Sunzu, Hichani Himoonde ndi Joseph Musonda. Pakati Chisamba Lungu, Isaac Chansa, Nathan Sinkala ndi Rainford Kalaba. Kutsogolo kaputeni Christopher Katongo ndi Emmanuel Mayuka.

Koma pepala silisewera. Chimene chinkaoneka m'bwalo n'chakuti mpira ukakhala kwa adani, mizere iwiri ya anthu anayi ija inkayandikana kwambiri moti pakati pake panalibe malo oti munthu alandire mpira n'kutembenuka. Sinkala ankakhala patsogolo pa Sunzu ndi Himoonde ngati mlonda wa pageti, osatengeka ndi kuthamangira kutsogolo. Katongo, ngakhale anali womwetsa zigoli, ankabwerera kudzathandiza pakati. Adani ankakakamizika kupita m'mbali n'kuponya mipira ya m'mwamba, ndipo kumeneko Sunzu ndi Himoonde, anyamata ataliatali aja, ankangoibweza ndi mutu.

Tikangolanda mpira, zonse zinkasintha. Osachedwa nawo, osaubwezera kumbuyo popanda chifukwa: mapasi awiri kapena atatu apansi, Kalaba kapena Chansa wadzutsa mutu, Mayuka ali kale paliwiro. Senegal inabwera ndi Demba Ba, Papiss Cissé, Moussa Sow ndi Mamadou Niang, maina omwe ankaopsa Africa yense, koma mphindi 25 zisanakwane inali itamwa kale ziwiri kuchokera kwa Mayuka ndi Kalaba. Chigawo chachiwiri anatipanikiza, anabweza chimodzi, koma khoma silinagwe.

Si bola pansi yomwe tinaizolowera kuyambira kale imeneyo?

Mbali ina inde. Mpira wa Zambia kuyambira nthawi ya KK Eleven, dzina lakale la timu ya dziko lathu, wakhala wa mapasi aafupi, liwiro m'mapiko ndi osewera odziwa kunyenga munthu pamalo ochepa. Ndi mpira wophunziridwa pafumbi la ku Matero, ku Chawama ndi m'makomboni a ku migodi, kumene chimpombwa sichilola kuti uchiponye patali. Timu ya Kalusha Bwalya yomwe inagonjetsa Italy 4-0 pa Olympics ya 1988 inaonetsa dziko lonse mpira umenewu.

Chomwe timu ya 2012 inawonjezera ndi kudekha popanda mpira. Ife ochemerera a ku Lusaka kuno timafuna kuona timu yathu ikuwavinitsa adani, ndipo ikakhala mphindi khumi osaugwira bwino mpira timayamba kudandaula. Anyamata aja sankachita manyazi kukhala kumbuyo n'kudikira. Ankadziwa kuti nthawi yawo ifika, ndipo ikafika ankasewera bola pansi yomweyo.

Tinene zoona, kodi sunali mwayi chabe?

Ili ndi funso limene limabwera kawirikawiri, makamaka kuchokera kwa anzathu okonda mpira wa ku England, ndipo siliyenera kuyankhidwa mokwiya. Mwayi unalipo. Didier Drogba anapatsidwa penate chigawo chachiwiri cha ndime yotsiriza ndipo anaiponya pamwamba pa golo popanda womukhudza. Akanaigoletsa, mwina lero tikanakhala tikukamba nkhani ina. Pa mapenate omaliza Kalaba anaphonya pamene chikho chinali m'manja, ndipo Gervinho anatipatsanso mpata wina pophonya yake. Palibe mphunzitsi amene angakonzeretu zimenezi.

Koma taganizani bwino. Kuphonya kwa Drogba kunali ndi phindu chifukwa chakuti nthawi imeneyo zinthu zinali 0-0. Tikanakhala titamwa kale ziwiri, palibe akanakumbukira penate ija. Ivory Coast inali ndi Yaya Touré, Salomon Kalou, Gervinho ndi Drogba yemweyo, ndipo kwa mphindi 120 inalephera kugoletsa. Imeneyo ndi ntchito ya anthu, ndipo inagwiridwa mphindi iliyonse. Ghana nayonso inakhala ndi mpira nthawi yaitali kuposa ife, inawombera kangapo, koma mipata yeniyeni yoti munthu n'kugwira kumutu inali yowerengeka.

Komanso mwayi sunali mbali imodzi. M'mphindi zowonjezera Christopher Katongo anawombera pafupi, mpira unakhudza phazi la goloboyi Boubacar Barry n'kukamenya chitsulo. Pa mapenate, Mweene anagwira ya Sol Bamba koma oyimbira anati ibwerezedwe, ndipo Bamba anagoletsa. Musonda anavulala masewero atangoyamba kumene n'kutuluka akulira. Zonsezi zikanatha kuifooketsa timu, koma sinatekeseke.

Maganizo anga ndi akuti mwayi umagwera aliyense mu mpira, lero uyu mawa uyo, koma umapindulira timu yomwe ikadali m'masewero pamene ukufika. Luso la anyamata a 2012 linali kukhalabe m'masewero mpaka mapeto. Onaninso funso la zomwe zinachitika pambuyo pa 2012, chifukwa kumeneko nkhani ya mwayi ikuonekera mbali yake yowawa.

Nanga anzathu a mu 1993, kodi si iwo anatipatsa chikho?

Funso ili ndimaliyankha mwaulemu, chifukwa kwa mabanja ambiri si nkhani ya mpira. Usiku wa 27 April 1993 ndege ya asilikali a m'mlengalenga yomwe inanyamula timu yathu kupita ku Dakar inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Libreville. Anthu onse 30 anafa, 18 mwa iwo osewera, pamodzi ndi aphunzitsi Godfrey Chitalu ndi Alex Chola. Maina ngati David Chabala, Wisdom Chansa, Derby Makinka ndi Kelvin Mutale akugona ku Heroes' Acre, pafupi ndi Independence Stadium. Amene munadutsapo pa Great North Road mukupadziwa.

Mu 2012 masewero athu onse mpaka ndime yachiwiri kwa yotsiriza anali ku Equatorial Guinea. Titatsogola gulu lathu, njira yokha yopondera ku Libreville inali kufika ndime yotsiriza, ndipo osewera ankadziwa zimenezi. Atafika anapita kugombe la nyanja ndi Kalusha Bwalya, yemwe anapulumuka mu 1993 chifukwa ankachokera ku PSV Eindhoven payekha, n'kukaika maluwa. Anthu ena amawerenganso kuti mapenate omwe anaponyedwa usiku uja anali 18, monga chiwerengero cha osewera omwe anatisiya.

Zimene munthu amakhulupirira pa nkhaniyi ndi za mumtima mwake, ndipo sindingamulande. Chimene ndikuchiona ine n'chakuti chikumbutso chija chinawapatsa anyamata chifukwa chothamangira pamene miyendo inali itatha. Koma ndimakana tikamanena ngati kuti Sunzu, Mweene ndi anzawo anangoimirira m'bwalo chikho n'kuwagwera. Kutero n'kuwalanda thukuta lawo, ndipo sindikhulupirira kuti a Chitalu, omwe ankadziwa kulemera kwa ntchito ya mpira, akanakondwera nazo.

Osewerawa sanali otchuka ku Ulaya. Mphamvu anaitenga kuti?

Anaitenga podziwana. Mwa omwe anayamba ndime yotsiriza, Mayuka ankasewera ku Young Boys ku Switzerland, Lungu ku Russia, Katongo ku China. Mweene anali ku Free State Stars, Chansa ku Orlando Pirates, Nkausu ku SuperSport United, Musonda ku Golden Arrows, onsewa ku South Africa. Sinkala anali konkuno ku Green Buffaloes. Sunzu, Himoonde ndi Kalaba anali limodzi ku TP Mazembe ku Lubumbashi, timu yomwe inatenga chikho cha makalabu a mu Africa mu 2009 ndi mu 2010 ndipo inazolowera masewero a mabwalo aukali.

Taonani zimenezo bwino: otchinga awiri apakati ankadya limodzi, kuyenda limodzi ndi kusewera limodzi ku kalabu yawo. Wina akatuluka kukakumana ndi mdani, mnzake ankadziwa kale potseka popanda kukuwirana. Mayuka ndi Sunzu anali m'timu ya achinyamata yomwe inapita ku World Cup ya osapitirira zaka 20 ku Canada mu 2007. Mweene, Katongo, Chansa, Musonda ndi Kalaba anali atapita kale limodzi ku mipikisano ya Africa ingapo. Masewero akathina, munthu saganiza. Amachita zomwe thupi linazolowera, ndipo amakhulupirira kuti mnzake ali pamalo pake. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, koma zala nazonso ziyenera kukhala za dzanja limodzi.

Mphunzitsi Hervé Renard anachita chiyani chomwe ena sanachite?

Choyamba, tisaiwale kuti mphunzitsi amene anaipititsa timu ku mpikisanowu anali Dario Bonetti. Renard anabwerera mu October 2011, patangotsala miyezi itatu. Koma sanali mlendo: anaiphunzitsapo timuyi kuyambira 2008 mpaka 2010, ndipo osewera ambiri anali ake kale.

Anthu amakumbukira malaya oyera ndi kukuwa kwake pamzere. Ine ndimakumbukira zinthu zitatu. Anabweza kunyumba wosewera mmodzi mpikisano uli mkati chifukwa chophwanya malamulo a kumsasa, ndipo otsalawo anamva uthengawo. Pokumana ndi Ghana anamuika Mayuka pabenchi, n'kumulowetsa chigawo chachiwiri otchinga a Ghana atayamba kulema. Patatha mphindi 78 Mayuka analandira mpira kwa Chansa, anatembenuka, n'kuupinda kukalowa m'mbali mwa chitsulo. Chachitatu, masewero atatha ku Libreville ananyamula Musonda wovulala uja m'manja kupita naye kwa anzake kuti akasangalale limodzi. Mphunzitsi wotere osewera amamuthamangira.

Kuti njira yake si yamwayi, onani zomwe anachita pambuyo pake. Mu 2015 anatenganso chikho cha Africa ndi Ivory Coast, kachiwirinso 0-0 kenaka mapenate, 9-8 pokumana ndi Ghana. Mu 2022 Saudi Arabia yake inagonjetsa Argentina 2-1 pa World Cup.

Kodi Mweene yekha sanali theka la timu?

Theka ayi, koma popanda iye chikho sichikanabwera. Masewero a Ghana atangoyamba, Asamoah Gyan anapatsidwa penate ndipo Mweene anaigwira. Tikanamwa chigoli nthawi imeneyo, tikanakakamizika kutuluka kumbuyo kukafuna chobweza, ndipo dongosolo lonse lomwe ndafotokoza pamwambapa likanaphwasuka. Ku Libreville anagwira ya Kolo Touré, ndipo penate yathu yachisanu, yomwe tikanaphonya zonse zikanathera pomwepo, anaiponya yekha mosatekeseka ngati ali pa maphunziro.

Chimene sichioneka pa kanema wa zigoli ndi mawu ake. Goloboyi amaona bwalo lonse, ndipo Mweene sankatseka pakamwa: kukankha mzere, kuitana wogona, kuchedwetsa pang'ono anzake akafuna kupuma. Timu iliyonse yomwe imapambana 1-0 kawirikawiri, mukaifufuza mupeza ili ndi goloboyi wolankhula.

Mapenate amaphunzitsika, kapena ndi maere?

Amaphunzitsika, ngakhale kuti palibe angalonjeze zotsatira. Usiku uja anthu asanu ndi awiri oyamba a mbali iliyonse anagoletsa onse. Athu anali Christopher Katongo, Mayuka, Chansa, Felix Katongo, Mweene, Sinkala ndi Lungu. Ivory Coast ndiyo inkayamba, choncho aliyense wa ife ankapita podziwa kuti mnzake wagoletsa kale. Sinkala ndi Lungu anali anyamata achichepere, ndipo kuphonya kwawo kukanatanthauza kulira kwa dziko lonse. Munthu saponya bwino chonchi mwangozi kasanu ndi kawiri motsatizana.

Chinanso, anzawo omwe ankadikira ankaimba. Ena amaona ngati zinali zongosangalatsa, koma aliyense amene anaimbapo pamaliro kapena mu kwaya akudziwa zomwe nyimbo imachita ku mpweya ndi kugunda kwa mtima. Sunzu anapita kukaponya yomaliza milomo ikuyenda.

Timu yomweyi inali italawapo kale kuwawa kwa mapenate. Mu 2010 ku Angola tinalepherana ndi Nigeria 0-0 mu ndime ya matimu asanu ndi atatu n'kugonja 5-4. Ambiri mwa omwe analira tsiku limenelo ndi omwe anaimirira ku Libreville. Ndipo mu October 2012 ku Kampala, polimbirana malo a mpikisano wotsatira, anagonjetsanso Uganda 9-8 pa mapenate.

Kodi kupambana kothina ndi chikhalidwe cha Zambia kuyambira kale?

Ayi, ndipo apa akuluakulu amagwedeza mutu chifukwa akukumbukira. Mu 1974 ku Cairo tinafanana ndi Zaire 2-2 mu ndime yotsiriza, masewero anabwerezedwa, tinagonja 2-0. Mu October 1993 ku Casablanca timu yomangidwa pamwamba pa misozi inkangofunika kufanana mphamvu ndi Morocco kuti ipite ku World Cup, koma inagonja 1-0, ndipo mpaka lero dzina la oyimbira wa tsiku limenelo, Diramba, silitchulidwa mwachikondi mu Lusaka. Mu 1994 ku Tunisia Elijah Litana anatitsogoza ndi mutu masewero atangoyamba, koma Emmanuel Amunike anagoletsa ziwiri, Nigeria n'kutenga chikho 2-1.

Choncho kwa zaka zambiri mbiri yathu inali ya timu yosewera mokoma koma yogwa pakhomo. N'chifukwa chake 2012 inatikhudza chomwechija. Ine ndinaonera kwa achibale ku Kabwata, m'chipinda chodzaza mpaka pakhomo, ndipo Sunzu atagoletsa amalume anga, omwe anaona zonse zitatu ndatchulazi, sanadumphe ngati ife. Anangokhala pampando ataphimba nkhope, misozi ikudutsa m'zala.

Nanga chinachitika n'chiyani pambuyo pa 2012?

Poyamba zinkaoneka ngati chizolowezi chakhazikika. Mu June 2012 tinagonjetsanso Ghana 1-0 pa Levy Mwanawasa Stadium ku Ndola, Katongo ndiye anagoletsa. Kenaka za Uganda zija. Koma mu January 2013 ku South Africa, tikuteteza chikho ndi mphunzitsi yemweyo ndi osewera pafupifupi omwewo, tinafanana ndi Ethiopia 1-1 ngakhale iwo anatsala anthu khumi, tinafanana ndi Nigeria 1-1 Mweene atagoletsa penate kumapeto, tinalepherana ndi Burkina Faso 0-0, n'kubwerera kunyumba osagonja koma osapambananso.

Mu 2015 tinafanana ndi DR Congo 1-1, tinagonja kwa Tunisia 2-1 titatsogola, tinalepherana ndi Cape Verde 0-0. Mipikisano itatu yotsatira sitinapiteko n'komwe. Titabwerera mu January 2024 ku Ivory Coast ndi Avram Grant, tinafanana ndi DR Congo 1-1, ndi Tanzania 1-1, n'kugonja kwa Morocco 1-0.

Werengani: masewero 9 m'mipikisano itatu imeneyi, 7 ofanana mphamvu, awiri ogonja ndi chigoli chimodzi, opambana palibe. Onse anali othina, ngati a 2012 aja. Apa ndi pamene wofunsa za mwayi uja ali ndi mfundo. Timu yomwe moyo wake uli pa chigoli chimodzi imayenda pamphepete pa phompho. Ikakhala ndi womwetsa zigoli yemwe ali pa moto ndiponso khoma losabowoka, imatenga chikho. Chimodzi mwa ziwirizi chikangotsika pang'ono, 1-0 amasanduka 1-1, ndipo kufanana mphamvu katatu kumakutumiza kunyumba. Mu 2013 Mayuka anali atapita ku Southampton kumene sankasewera kawirikawiri, Katongo zaka zinali zikupita, ndipo adani anali atatiphunzira: anasiya kutithamangira, anatipatsa mpira n'kukhala kumbuyo iwowo. Timu yozolowera kubaya pobwezera inapezeka ilibe malo othamangiramo.

Ndiye timu yanga ikamapambana 1-0 sabata iliyonse, ndisangalale kapena ndide nkhawa?

Sangalalani, mapointi atatu ndi atatu. Koma mukakhala pa Sunset kuonera Zanaco, pa Nkoloma kuonera Red Arrows, kapena kulikonse kumene Green Buffaloes, Nkwazi ndi NAPSA Stars akusewera, yang'anani zinthu zomwe sizilembedwa pa bolodi. Timu yanu ikatsogola, kodi adani akupeza mipata yoonekeratu n'kumangophonya okha, kapena akungowombera patali chifukwa asowa polowera? Ngati goloboyi wanu ndiye akutuluka ngwazi sabata iliyonse, dziwani kuti ngongole ikuunjikana ndipo tsiku lina idzalipidwa. Ngati goloboyi akutuluka yunifomu ili yoyera, timu yanu ikudziwa chomwe ikuchita.

Yang'ananinso mphindi khumi zotsiriza. Kodi otchinga akungoubutsa mpira kulikonse, n'kubweranso nthawi yomweyo? Kapena pali wina pakati amene amauponda, kuupereka kwa mnzake, kupeza faulo, kuupititsa ku kona? Kodi pa makona aliyense akudziwa munthu wake? Olowa kuchokera pabenchi akuwonjezera mphamvu kapena akubweretsa chisokonezo? M'ligi yathu, momwe mabwalo ena ndi olimba ndipo ulendo wa ku Copperbelt kapena ku Solwezi umatopetsa, zigoli sizichuluka, ndipo tinthu timeneti ndi timene timasiyanitsa wotenga ligi ndi womaliza pachisanu.

Kugona pansi ndi kuchedwetsa nthawi, kodi ndi mbali ya luso limeneli?

Kuchedwa pang'ono poponya mpira wa m'mbali kapena kuusunga pa kona, zimenezo ndi nzeru za masewero ndipo aliyense amachita. Koma zodzigwetsa popanda wokukhudza, machira kulowa kasanu chigawo chimodzi, ana otola mipira kubisa mipira, ine zimandinyansa, ndipo zikuthamangitsa anthu m'mabwalo athu. Munthu walipira pageti ndi ndalama yomwe akanagula ndiwo. Komanso timu yozolowera zimenezi kwawo ikapita kunja, kumene oyimbira amawonjezera mphindi zonse zotayika, imapezeka ilibe mpweya. Anyamata a 2012 anasewera mphindi 120 ndi Ivory Coast akuthamanga, ndipo m'mphindi zowonjezera ndi iwo anayandikira kugoletsa.

M'badwo wa Patson Daka unali ndi luso lambiri. Bwanji sunabwereze?

Luso linalipo ndithu. Mu March 2017 pa National Heroes Stadium timu ya osapitirira zaka 20 ya Beston Chambeshi inagonjetsa Senegal 2-0 n'kutenga chikho cha Africa, Daka ndi Edward Chilufya atagoletsa. Ku South Korea chaka chomwecho inagonjetsa Germany 4-3 m'mphindi zowonjezera, kenaka n'kugonja kwa Italy 3-2. Zigoli zimenezi zikukuuzani mtundu wa timuyo: yoopsa kutsogolo, yotseguka kumbuyo. Inali yosangalatsa kuposa ya 2012, koma yosiyana nayo kotheratu.

Atakwera ku timu yaikulu anakumana ndi kusinthasintha kwa aphunzitsi, aliyense ndi maganizo ake ndi otchinga ake. Enock Mwepu, yemwe akanakhala msana wa pakati kwa zaka khumi, anasiya mpira mu October 2022 chifukwa cha vuto la mtima ali ndi zaka 24 zokha. Ndipo dziko lathu latulutsa othamanga kutsogolo ambiri kuposa otchinga apakati. Mwana aliyense pa Olympic Youth Development Centre kapena pabwalo la sukulu ku Mtendere amafuna kukhala Daka kapena Barbra Banda. Ofuna kukhala Sunzu ndi ochepa, ndipo aphunzitsi a ana ayenera kuwafunafuna ndi kuwanyadira. Mtima wosagonja ulipobe: pokumana ndi Tanzania mu 2024 tinatsala anthu khumi chigawo choyamba, koma Daka anabweza ndi mutu kutatsala mphindi zochepa. Chomwe chikusowa ndi anthu anayi kapena asanu akumbuyo omwe asewera limodzi zaka zingapo, monga ndafotokozera pa funso la komwe mphamvu inachokera.

Ndikufuna kuonetsa mwana wanga masewero amodzi okha a timu ija. Ndisankhe ati?

Ambiri angakuuzeni ndime yotsiriza, ndipo mapenate aja ayenera kuwaona tsiku lina. Koma ngati mukufuna amvetse mmene timuyi inkagwirira ntchito, muonetseni a Ghana a pa 8 February 2012 ku Bata, onse, osati zidule. Muuzeni asatsatire mpira ndi maso. Chigawo choyamba ayang'ane Sinkala yekha, aone kumene amaima Ghana ikamabwera. Chigawo chachiwiri ayang'ane mtunda wa pakati pa Sunzu ndi Himoonde, awerenge kuti ndi kangati pamene unakula moti munthu n'kudutsapo. Ikafika mphindi ya 78 simudzafunika kumuuza poyang'ana.